Galu iwe, unali kuti? Mmene macheza otukwanizana amayendera pachinzake

Anyamata awiri akumana pachiwaya madzulo. Wina wangotsika minibasi, mnzake ali kale ndi mbale ya tchipisi m'manja. Wa mbaleyo adzutsa mutu n'kuti, "Galu iwe, unali kuti sabata yonseyi?" Wofikayo osayankha funso, apisa dzanja m'mbale ya mnzake, atola tchipisi ziwiri, n'kuti, "Kape ngati iwe ungandisowe?" Wokazinga sanatembenuke n'komwe, akungotembenuza mbatatesi zake. Koma mawu omwewo, galu iwe, akadatuluka pakamwa pa munthu wachilendo pamalo omwewo, mafuta a m'chiwaya akadatayika.

Choncho mlandu suli m'mawu. Uli pa chilolezo: ndani walankhula, kwa yani, pamaso pa yani, ndipo wakhudza chiyani. Chichewa chimasiyanitsa bwino zinthu zimenezi. Kutukwana ndi kutchula zakumaliseche kapena kulowetsapo makolo. Kunyoza ndi kumuchepetsa munthu. Kutonza ndi kumukumbutsa chilema chake, tsoka lake kapena chabwino chomwe unamuchitira. Kusereula ndi kumuseweretsa ndi mawu iye akudziwa kuti ndi macheza, ndipo achinyamata ambiri amati kugemula. Tawonani kuti pachinzake aneni onsewa amatenga -an-: kusereulana, kugemulana, kutukwanizana. Ka -an- kameneka ndiye lamulo lalikulu la masewerawa. Ngati mmodzi yekha ndiye amaponya, winayo n'kumangomeza malovu chifukwa amaopa kapena amadyera pomwepo, amenewo si macheza. Ndi chipongwe chovala malaya a nthabwala.

Si za m'tauni zokha

Akuluakulu ena amadandaula kuti ana amasiku ano abweretsa mwano. Pakamwa pawo pasinthadi, koma mwambo wopatsana chilolezo chonyozana ndi wakale, ndipo kumudzi uli ndi malamulo omveka kuposa a ku depoti.

Msuweni wako, mwana wa atsibweni kapena wa azakhali, ungamutche mkazi wako kapena mwamuna wako, ungamunene kuti ndi waulesi, wosasamba, wakuba nkhuku, iye n'kubweza, anthu n'kumaseka. Mwana wa amayi aang'ono kapena wa abambo aakulu ayi: ameneyo ndi mbale wako kapena mlongo wako, ndipo nthabwala zogona sizidutsa pakati pa munthu ndi mlongo wake. Mlamu naye ndi wamacheza. Agogo amatcha kamdzukulu kawo "amunanga" n'kumakanena kuti sikawagulira chitenje. Pomwepo, m'bwalo lomwelo, mkamwini ndi apongozi ake amapatukirana njira. Pamaliro, adzukulu okumba manda ali ndi ufulu wolankhula zomwe wina aliyense sangayerekeze. Ku Zambia chilolezochi chinafika pa mitundu yathunthu: Abemba ndi Angoni ali pa chimbuya, ubale wonga wa chisuweni, amatchulana anyani ndi odya mbewa, ndipo pamaliro amathirana ufa kapena paudala n'kumatolerapo ndalama zothandizira. Atonga ndi Alozi a kumeneko nawo ali pa ubale womwewo.

Kusiyana kwake n'kwakuti kumudzi chilolezo umabadwa nacho, aliyense amadziwa msuweni wa mnzake. M'tauni, kusukulu yogonera, kumsika, m'gulu la oyendetsa kabaza, mulibe mzere wa magazi wokuuza kuti uyu ungamunene, uyu ayi. Chilolezo umachita kupanga wekha, pang'onopang'ono, poyesa. N'chifukwa chake ngozi zimachuluka.

Kumene mawuwa amachokera

Gwero limodzi lakale ndi migodi. Kwa zaka zambiri amuna a kuno ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, dzina lomwe depoti ya mabasi ku Blantyre ikadali nalo, ndipo ena ankalowera ku Halale. Kamuzu Banda anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi itagwa ku Francistown, kenako unayambiranso pansi pa TEBA, bungwe lolowa m'malo mwa Wenela lomwe ife timati Theba, mpaka mu 1988. Kumigodiko ankalankhula Fanakalo, chilankhulo chosakaniza Chizulu, Chingerezi ndi Chiafrikaans, cholamulirana pantchito. Matchona pobwera anabwera ndi njinga, mabulangete, komanso mawu: madala, mfana, fotseki. Fotseki kwawo ndi mawu othamangitsira galu. Njira ya ku Joni sinatsekeke, masiku ano ndi ya mabasi, ndipo kuvaya, kutanthauza kupita, ndi mawu a m'makomboni a kumeneko.

Chingerezi ndiye nkhokwe yaikulu: shapu, dilu, geni, neba, kushaina, kutchila, shupiti, bladifulu. Aise amati anachokera ku "I say", mawu awiri omwe azungu achitsamunda ankayambira polankhula. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba ndi ku Polytechnic anawonjezera awo, monga yaro kwa wa chaka choyamba, sapu kwa mayeso obwereza ndi kuwididwa kwa wochotsedwa sukulu atalephera. Francis Moto analemba za chinenero chatsopanochi mu 2001, ndipo akatswiri ena a zilankhulo amachitcha Chibrazi, kuchokera ku brazi, kutanthauza mbale.

Koma mawu okoma kwambiri si obwereka. Ndi a Chichewa chomwechi, atapotozedwa. Mbola ndi ya njuchi, koma foni yogula pamsewu ikafa tsiku lachiwiri ndi mbola, ndipo munthu wosadalirika nayenso ndi mbola. Kumenya kunasiya kukhala kwa ndodo kokha: timamenya nsima, timamenya geni, timamenya tulo. Nyimbo yabwino ndi yoopsa. Wolankhula Chingerezi bwino amachithyola. Njira yake ndi imodzi, kutenga mawu achiwawa kapena oipa n'kuwapatsa ntchito yoyamikira, ndipo ndi njira yomweyo imene imasandutsa galu kukhala moni.

Mpeni weniweni uli pa phatikizo loyamba

Munthu wophunzira Chichewa atakula amaloweza mayina otukwanira n'kumadabwa kuti sakuseketsa. Chomwe waphonya n'chakuti ululu ndi nthabwala zambiri sizili mu dzina, zili mu kaphatikizo komwe mwaliyambitsira.

Tengani mfana. "Mfana uyu" ndi mawu wamba. "Chimfana ichi chapenga" mwamuchotsa m'gulu la anthu n'kumuika m'gulu la zinthu, pamodzi ndi chitseko ndi chipanda, ndipo chiganizo chonse chimatsatira: ichi, chapenga, chake. "Kamfana aka kakudzimva" mwamufinya kukhala kanthu kolowa m'thumba. Pa ziwirizi, pakati pa amuna ka- ndiye amaluma kwambiri. Chi- amatha kukhala chiyamikiro, monga pomwe ochemerera mpira amati "chimfana chimenechi chimasewera", chifukwa ukulu uli ndi ulemu wake ngakhale utanyansa. Ka- amanena kuti ndiwe wosawerengeredwa, ndipo munthu wamfupi kapena wosauka yemwe wakhala akumva ka- moyo wake wonse sadzamumva ngati nthabwala. Komabe ka- yemweyo kwa mwana kapena kwa wokondedwa ndi chikondi. Chi- pa chiwalo ndiye chida cha tsiku ndi tsiku: chimutu, chimphuno, chimimba, zimaso.

Kenako pali a- waulemu, yemwe amagwira ntchito mozondoka. "A Kape afika, apatseni mpando." "Abwana, tabwezani K500 yanga ija musanagule ndege." Apa mwamukweza mnzanu pamwamba dala kuti aliyense awone kuti sakukwanirapo. Izi zimaseketsa kwambiri kuposa kungoti kape iwe, ndipo zimapereka pothawira, chifukwa palibe angakugwireni kuti mwachita mwano. Dziwaninso kuti mayina oitanirana ali ndi mgwirizano wawo. Aise amayenda ndi iwe: "Aise, uli bho?" Amwene amakonda inu: "Amwene, muli bho?" Choncho "amwene ndinu galu" ndi chiganizo cholemekeza ndi kutukwana nthawi imodzi, ndipo kukoma kwake kuli pa kugundana komweko.

U- amasandutsa munthu kukhala khalidwe: ukape, udolo, ushasha. Za- amasonkhanitsa zochita zake zonse mtolo umodzi: zaukape, zamkutu, zachamba, ndipo kumbali yabwino zanyatwa. Ma- amachulukitsa: makape, madolo. Kusiyana kwa "ndiwe kape" ndi "wayamba zaukape" n'kofunika pochita macheza ndi munthu yemwe simunazolowerane: koyambako mwaweruza munthu, kwachiwiriko mwaweruza zomwe wachita lero.

Mawu achilendo nawo amalowa potsata njira yodziwika. Mneni amalandira ku- kutsogolo ndi -a kumapeto, dzina limalandira lembo la liwu kumapeto poti mawu a Chichewa sathera pa lembo lopanda liwu. Akangolowa amayamba kubala: kushaina, kushainira anzako, kushainitsa nsapato zatsopano, kuvaya, kuvayitsa. Mawu omwe akana kubala motere nthawi zambiri sakhalitsa. Pali kanthu kena kakang'ono. Agogo akabwereka mawu amalekanitsa malembo ogundana, n'chifukwa chake tili ndi sukulu ndi buledi. Achinyamata amawasiya dala ogundana, brazi osati bulazi, kuti amveke a m'tauni. Munthu akanena bulazi pagulu, wadzipereka yekha.

Kufanizira, ndi chifukwa chake ena zimawakanika

Kugemulana kwenikweni, komwe kumagwetsa anthu pabenchi, kumayenda pa chimango chimodzi: chiwalo kapena khalidwe, kenako ngati, kenako chinthu chomwe aliyense pamalopo akuchidziwa. "Chipumi ngati bwalo la ndege la Chileka." "Makutu ngati mbale ya DStv." "Kuumira ngati nsima yogona." "Miyendo ngati timitengo ta machesi."

Kuti zigwire pamafunika zinthu zingapo, ndipo wolephera amagwa pa chimodzi mwa izo. Chofanizira chikhale chapafupi, chowoneka m'maso nthawi yomweyo. Mukangoyamba kufotokoza kuti chinthucho ndi chiyani, nthabwala yafa. Kukokomeza kupitirire muyeso mpaka pomwe palibe angakhulupirire, chifukwa chipumi chachikulu pang'ono ndi ndemanga, koma chipumi chotera ndege ndi sewero. Chikhale chachifupi, chotha ndi mpweya umodzi. Ndipo chikhale chatsopano, kapena chakale chopotozedwa. Wobwereza nthabwala ya dzulo amayankhidwa ndi chete, yemwe amawawa kuposa kutukwanidwa.

Woyankha ali ndi kanthawi kochepa kwambiri, anthu asanamalize kuseka. Yankho labwino silibweretsa nkhani ina, limatenga chithunzi chomwecho n'kuchibweza. Wanenedwa za Chileka uja akati, "Bola changa ndege zimatera, chako ndi msewu wafumbi nthawi ya dzinja," wapambana, chifukwa wavomera nkhonya n'kuibweza ndi dzanja la mwini wake. Akati "nawenso", waluza. Akakwiya, waluza kawiri. Wochenjera yemwe alibe yankho amadziseka yekha moposa: "Mutu ukakula sulewa nkhonya, menyani." Akatero mpira watha mphweya, gulu limasamukira kwa wina.

Mawu opeka a gulu limodzi

Gulu lililonse lokhalitsa lili ndi mawu omwe munthu wakunja sangawamve, ndipo pafupifupi onse amabadwa pa chochitika, osati pa kuganiza. Tiyerekeze anthu asanu akumwa, nthawi yolipira yakwana, mmodzi n'kuti akukatapa ndalama kwa ejenti pakona, osabweranso. Mawa lake wina afunsa za munthu wina yemwe wasowa pantchito yonyamula katundu, mnzake n'kuyankha kuti, "Wapita kwa ejenti." Basi mawu abadwa. Pakatha mwezi afupika, wothawa udindo aliyense ndi ejenti, khalidwelo ndi uejenti, ndipo wofika kumene m'gululo amaligwiritsa osadziwa komwe linachokera.

Mayeso ake ali pa sitepe yachiwiriyo: mawu anenedwe ndi munthu wina, pa nkhani ina. Wopeka akamawakankha yekha tsiku ndi tsiku, gulu limawakana, ndipo kawirikawiri mawuwo amasanduka dzina lake lomunyoza. N'chimodzimodzi ndi mayina opatsana: dzina lomwe mwini wake walikana mwaukali ndi lomwe limamatirira.

Nthawi zina chochitikacho chimakhala cha dziko lonse. Ndalama za boma zitasololedwa ku Capital Hill mu 2013, kashigeti analowa m'macheza, kotero kuti mnzako akangotulukira ndi foni yatsopano umamufunsa ngati wayamba kashigeti. Mawu ena amakhazikika mpaka kuiwalika kuti anali a mumsewu. Kaunjika, zovala zounjika pansi, lero ali m'nyuzipepala ndi m'kamwa mwa nduna, monga salaula ku Zambia. Ambiri amafa msanga. Akangomveka pa uthenga wamalonda pawailesi kapena pamsonkhano wandale, eni ake amakhala atawataya kale.

Makwerero a kutukwana

Zotukwana sizilemera mofanana, ndipo aliyense wokulira m'chilankhulochi amadziwa makwerero ake ngakhale sanawawerengepo.

Pansi pali nyama ndi utsiru: galu, mbuzi, kape, chitsiru, chidempete, mbutuma. Izi ndi ndiwo za tsiku ndi tsiku pachinzake. Koma nyama zina zili ndi katundu wobisika. Nkhumba kwa mnzanu wachisilamu si nthabwala. Nyani amakhudza nkhope ndi khungu, ndipo kwa amene anakhalako kunja n'kutchulidwa choncho ndi atsankho, mawuwo ali ndi bala. Fisi si wamantha kapena wadyera chabe. M'madera ena ndi mwamuna wolowetsedwa m'nyumba pa miyambo yogonana, choncho kutcha mwamuna wokwatira fisi pamaso pa anthu ndi kunena zambiri kuposa zomwe mumafuna.

Pambali pake pali zobwereka, shupiti, bladifulu, fotseki. Zimamveka zaukali koma n'zopepuka, chifukwa sizikhudza chilichonse cha m'nyumba mwa munthu. Munthu yemwe sangatchule chiwalo m'Chichewa amatha kutukwana m'Chingerezi osachita manyazi, pa chifukwa chomwecho: chilankhulo chobwereka sichimva kutentha.

Pamwamba pake pali za thupi, ndipo kapangidwe kake n'kodabwitsa pang'ono: pa-, chiwalo, pako. Pamtumbo pako, pathako pako, ndi zinzake zakutsogolo zomwe sitizilemba pano. Mulibe mneni, simunanene kuti chiwalocho chatani. Kutukwana kwake n'kungochitchula poyera, kumuvula munthu ndi pakamwa. Anzake apamtima amafika apa, makamaka pampira, pabawo ndi pamowa, koma pakakhala iwo okha.

Pamwamba penipeni pali amake a munthu. Ngakhale mawu akuti amako paokha, popanda chowonjezera, ndi okhadzula kale poyerekeza ndi amayi ako kapena masteni ako. Mukawaphatikiza ndi chiwalo, mwafika pomwe magulu ambiri salola ngakhale pa ubwenzi wa zaka 20. Chifukwa chake si chikondi cha mwana kwa mayi chokha. Kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe mtundu umayenda kuchikazi. Ana ndi a kwa mayi, mwini mbumba ndi atsibweni. Wotukwana mayi watukwana mbumba yonse, ndipo wotukwanidwayo akaseka, amakhala ngati wagulitsa anthu omwe sanapereke chilolezo. Iye angalole kuti mumutche galu poti galuyo ndi iye mwini. Sangalole m'malo mwa amake. Magulu ena a anyamata a m'tauni amadutsa malire amenewa n'kumaseka, koma zimatha tsiku lomwe mmodzi waika maliro a amake, ndipo wosazindikira kuti zasintha ndiye amathyoledwa mano.

Mawu omwe sali pa makwerero

Pali gulu lina lomwe ambiri amalisokoneza ndi kutukwana: mfiti, hule, wakuba, gojo, chumba. Awa si matukwano, ndi milandu. Mukati galu, palibe womva amene apite kunyumba akuganiza kuti mnzanuyo ali ndi mchira. Mukati hule kapena mfiti, wina pagulupo akhoza kukhulupirira, n'kukanena kwina. Kufuula kuti wakuba mumsika, ngakhale mukuseka, kungaphetse munthu, poti gulu la anthu silifunsa kuti ndani amacheza. Kutchula nkhalamba kuti mfiti kwawotchetsapo nyumba ndi kuphetsa agogo osalakwa m'midzi yathu. Amayi ena apamtima amaitanana "hule iwe" akakhala okha, monga anyamata amachitira ndi galu, koma chilolezo chimenecho sichidutsa kupita kwa mwamuna, ngakhale wa m'gulu lomwelo.

Lamulo logwira ntchito n'lakuti munamize chinthu chomwe aliyense akudziwa kuti ndi bodza, kapena museke chomwe munthu anasankha yekha: timu yake, malaya ake, kametedwe kake, bodza lomwe ananena dzulo. Ochemerera Bullets ndi Wanderers akhala akutchulana neba n'kumasekana zaka zonsezi popanda chovuta chachikulu pachinzake, chifukwa timu umasankha. Chomwe munthu sanasankhe ndiponso sangasinthe, chisiyeni: kusabereka, kachilombo ndi mankhwala ake, chibwibwi, khunyu, ulumali, kulephera mayeso komwe kunamutsekera moyo, ukwati womwe ukutha. Mayina omwe anthu amaitanira anzathu achialubino sanakhalepo nthabwala, ndipo kuyambira pomwe kuphedwa kwawo kunachuluka cha m'ma 2014, kumutcha munthu wotere ndalama ndi kumuopseza. Za mitundu nazo n'zoterera: nthabwala ya Mtumbuka ndi Mlomwe yomwe imadutsa bwino mu Januwale imatha kuyatsa moto sabata ya chisankho.

Mwambi wa mumsewu woti "wakwiya ndi mfiti" umathandiza kuti masewera apitirire, koma uli ndi msampha. Umamulanda munthu ufulu wonena kuti apa mwandipweteka. Gulu lomwe limaugwiritsa nthawi zonse pa munthu mmodzimodzi lasiya kucheza naye.

Pomwe zimaterereka ngakhale mawu ali omwewo

Choyamba ndi omvera. Galu iwe wa pachiwaya sanganenedwe pamaso pa mkazi wa mnzanu, ana ake, apongozi ake, abwana ake kapena anthu omwe iye amawalamulira. Pamenepo amafunika ulemu wake wonse, ndipo mnzake weniweni amadziwa kusintha pakhomo: kunja kwa mpanda "iwe", mkati "bambo a ujeni, muli bwanji". Wolephera kusintha amayesa kuti akuwonetsa kuyandikana, pomwe akumuvula mnzake pamaso pa banja lake.

Chachiwiri ndi ndalama. Ngongole ikalowa pakati, mawu amalemera. Wobwereketsa akati kape, wobwerekayo amamva kutonza, ndipo sangabweze momasuka poti ali ndi mangawa. Ka -an- kaja kathyoka. N'chimodzimodzi wina akapeza ntchito yabwino mnzake akadali pa ganyu. Wokwerayo ayenera kuchepetsa nkhonya zake n'kulola kulandira zambiri. Kusereula kokwera phiri kumaseketsa, kotsika phiri kumaphwanya.

Mowa umawononga m'njira ziwiri nthawi imodzi: wolankhula amakwera makwerero mofulumira, womvera amataya kuleza. Ndewu zambiri za m'malo omwera zimayamba ndi nthabwala yomwe inadutsa bwino botolo loyamba.

Ndiye pali foni. Pakamwa, "galuuu iwe" wokoka ndi kumwetulira amasiyana kutali ndi "galu!" wodula, ndipo khutu limamva kusiyanako lisanaganize. Polemba zonsezi zimatayika. N'chifukwa chake timathira kkkk kumapeto, ndipo uthenga wotukwana wopanda kkkk umawerengedwa ngati ndewu. Choopsa china n'chakuti gulu la pa WhatsApp si anthu asanu a pabenchi. Muli anthu 60, ena simuwadziwa, wina ndi mlamu wa yemwe mukumugemulayo, ndipo zolembedwa zimajambulidwa n'kutumizidwa kwa anthu omwe sanamve chiyambi chake. Mawu a pakamwa amauluka ndi mphepo. A pa Facebook amadikira tsiku lomwe mudzayambane.

Malamulo nawo samva za chisuweni. Ku Malawi gawo 182 la malamulo a milandu limaletsa mawu otukwana omwe angaputitse munthu kuchita ndewu, ndipo chilango chimafika miyezi 6 kundende. Gawo 137 lili ndi mlandu wonyazitsa ulemu wa munthu wamkazi ndi mawu kapena zizindikiro. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti lili ndi mlandu wotumiza mauthenga osautsa ena, womwe chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12. Lamulo la zaufiti la 1911 limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kumudzi nkhani zotere zimathera kwa anyakwawa, ndipo wotukwana amalipa chindapusa, nkhuku kapena mbuzi malinga ndi kulemera kwa pakamwa pake.

Kuzindikira kuti mwaponda pamoto

Zizindikiro zake zimabwera msanga, ndipo kukalipa si choyamba. Mnzanu yemwe mumati iwe mwadzidzidzi ayamba kukuyankhani ndi inu. Akutchulani dzina lanu lonse. Atsonya n'kuyang'ana kumbali. Aseka mochedwa, ndi mano okha. Kapena afunsa mofatsa kuti, "Mwati bwanji? Tabwerezani." Funso limeneli si lofuna yankho, ndipo wobwereza amakhala wasankha ndewu. Anzanu ena akasiya kuseka n'kuyamba kuyang'ana mafoni awo, dziwani kuti iwo awona kale zomwe inu simunawone.

Pokonza, nthawi ndiyo yofunika. Pomwepo, tembenuzirani mpeni kwa inu nokha ndi nthabwala yokupwetekani kuposa yomwe mwaponya, kuti gulu lichoke pa iye. Musanene kuti "ndimangocheza, iwenso" uku mukuseka, chifukwa pamenepo mwamuwonjezera mlandu wachiwiri, wosadziwa macheza. Musamuumirize kuti avomere kupepesa kwanu pagulu. Mutsatireni panokha, tchulani chomwe mwalakwa mosazungulira, ndipo nkhani imeneyo isadzabwerenso ngakhale iye mwini atadzaiseka tsiku lina. Ngati mwakhudza amake, mkazi wake kapena mwana wake, pakamwa panu pokha sipakwanira; tumani munthu wamkulu yemwe nonse mumamulemekeza.

Zotsatira mudzaziwona pa moni wa mawa lake. Akakuwonerani patali n'kufuula kuti "galu iwe", nkhani yatha. Akakupatsani dzanja mwaulemu n'kuti "mwadzuka bwanji, achimwene", yambani kufunsa mtengo wa nkhuku.